Kandulo ya Kuseri kwa Chitseko

Usiku watha ndinalota zachilendo, aphunzitsi anzanga, ndipo ndikufotokozerani tiyi asanazizire. Koma muyambe mwadziwa za masana, kuti musazisakanize ndi za kutulo. Ndinakwatira mayi a Tiyese mu Ogasiti 2006. Chaka chomwecho ndinakhoma msomali pabalaza kwa apongozi anga ku Nathenje, n'kupachikapo chithunzi cha ukwati wathu. Mu 2011 ndinafolera nyumbayo ndi malata. Mu 2019 Elufe, mng'ono wa mkazi wanga, anakwatiwa ndi Lifuledi, woimba uja amavala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinapeza kalendala ya nkhope ya Lifuledi ili pamsomali wanga, chithunzi chathu chili kuseri kwa chitseko. Sindinadandaule kwa munthu. Ine ndimangosunga madeti.

Chinanso n'chakuti chikwatirireni, apongozi sanandiyang'anepo m'maso. Ndi mwambo, ndipo ndimaulemekeza. Tikakumana m'njira amapatuka, akafuna kundiuza kanthu amatuma mwana wanga Tiyese, ngakhale ndili pomwepo.

Ndiye kutuloko tinali pa ulendo wa banja, ine, mayi a Tiyese, Tiyese ndi apongozi. Minibasi inatitsitsa pachigayo, koma chigayocho chinali chitasanduka nyumba ya magalasi, yoonetseramo ziboliboli za phula za anthu otchuka. Pakhomo panali bambo wa tayi yofiira, wong'amba matikiti. Ndiye akutiwerenga, khosi lake linayamba kutalika, mwadzidzidzi anali nkhanga, tayi ili chilendewerere. Inajompha tikiti ya aliyense. Itafika pa ine inandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kunena kuti onyamula katundu amalowera khomo la kumbali. Ndinali nditanyamuladi chikwama cha mbatata zophika ndi botolo la thobwa, choncho ndinalowera khomo la kumbalilo.

M'katimo munkazizira ngati ku Dedza mu Juni. Munali osewera mpira, alaliki, ndi mayi wina wowerenga nkhani ali kukamwa yasa. Apongozi ankagwada kwa aliyense, kupereka moni ndi kufunsa za kunyumba. Palibe anayankha. Iwo anauza Tiyese kuti umo ndi momwe umadziwira anthu akuluakulu. Ine thukuta linali kamukamu ndi chikwama chija, ndiye ndinapempha fani yomwe inaima pakona kuti iuzire kuno pang'ono. Inapukusa mutu n'kuyankha kuti inalembedwa ntchito yoziziritsa otchuka, ine ndilibe choti chingasungunuke.

Ndiye titakhota, uyo Lifuledi, ali pansanja ndi gitala. Ndimadziwa msinkhu wake, amandilekeza m'khutu. Koma apa anamuwonjezera mpaka ndinachita kukweza khosi. Mayi a Tiyese anandipatsa foni.

"Abambo a Tiyese, tatijambulani. Muonetsetse kuti nsapato za alamu zalowa."

Anaika dzanja paphewa pake, n'kumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndinakuona komaliza pachithunzi chili kuseri kwa chitseko chija.

Izo ndikanapirira. Koma apongozi anakwera pansanjapo, n'kukhala pafupi ndi Lifuledi, mapewa kugundana. Anamupukuta pamphumi ndi nsonga ya chitenje. Anamusendera mbatata, ya m'chikwama chomwe ndinasenza ine. Anamufotokozera za bondo lawo, za mbuzi yomwe inabereka mapasa, uku akumuyang'ana kumaso ndi kumutchula kuti mwana wanga. Kenaka anamuthokoza kuti chiyambireni iye kumveka pawailesi, nyumba yawo sidonthanso. Ndinayang'ana kudenga. Anali malata anga omwe aja, ndinawazindikira ndi misomali yake. Ndinawafunsa malatawo kuti anene chilungamo. Anakhosomola n'kunena kuti iwo nkhani za m'banja salowerera.

Ndiye ndinapita kukadandaula kwa mkulu wa nyumbayo, bambo wa suti yotuwa, wokhala kuseri kwa tebulo lalikulu. Ndinayala nkhani yanga chaka ndi chaka. Ndikutchula 2011, ndevu zake zinasongoka, mwadzidzidzi anali tonde, akutafuna kolala ya malaya anga modekha. Anati wamva zonse, koma mlandu palibe. Mwambo umaletsa mkamwini wa mnofu, wa phula alibe manyazi, apongozi akhoza ngakhale kumubereka kumbuyo.

Ndinati ngati zili choncho, nanenso andiumbe.

Tondeyo anafunsa kuti ndinatchuka ndi chiyani. Ndinatchula malata, ndinatchula ana omwe ndawaphunzitsa mbiri yakale. Anafunsa ngati alipo anandiomberapo m'manja. Ndinaganiza mofatsa, chifukwa sindikonda kunama, ndipo ndinati palibe. Iye anati phula labwino linathera pa mapewa a Lifuledi, kwatsala tizidutswa ta makandulo tomwe amatola magetsi akayaka. Ndinavomera.

Ndiye anasungunula tizidutswato m'chitini cha penti, n'kundithira kuyambira kumutu. Sizinapweteke. Nditauma, nkhanga ija inabwera ndi ulusi n'kuuzika paliwombo panga. Anandinyamula awiriwo, kudutsa nsanja zonse, kudutsa alaliki, n'kukandiimika kuseri kwa chitseko. Pakhoma pambali panga panali msomali wanga uja, utachita dzimbiri. Unandipatsa moni.

"Mwafika, aphunzitsi? Musandiyang'ane choncho. Ine chomwe apachika ndimanyamula."

Mwadzidzidzi magetsi anazima. Fani inasiya kupukusa mutu, anthu anayamba kung'ung'udza kuti sakumuona Lifuledi. Nkhanga inakhwatcha machesi n'kuyatsa ulusi wa pamutu panga, tonde n'kundikankhira kutsogolo kwa nsanja. Kuwala kwanga konse kunagwera pankhope ya mkamwini mnzanga. Anthu anaomba m'manja. Mayi a Tiyese anati sanamuonepo atakongola chotere.

Ndinaima pamenepo ndikuyaka. Ndiye ndinaona kuti mphuno ya Lifuledi yayamba kunyezimira. Ndinapendekera kutsogolo pang'ono. Mphunoyo inatsetsereka mpaka pamlomo. Ndinapendekeranso. Magalasi akuda aja anagwa, ndipo kuseri kwake kunalibe maso, kunali see ngati dzira. Ndinkafuna aliyense aone zimenezo, makamaka munthu mmodzi, choncho ndinayaka ndi mphamvu zanga zonse. Koma ndikayaka ndinkafupika. Tayi yanga inapita, lamba anapita, ndinatsala wolekeza m'mawondo. Mkazi wanga ankakupiza Lifuledi ndi chivundikiro cha bakuli, osacheukira kuno.

Ndiye apongozi anatsika pansanja. Sanapatuke. Anabwera molunjika, n'kugwada patsogolo panga, n'kundiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba chichokereni Ogasiti 2006. Ndinazindikira kuti diso lawo lakumanzere lili ndi kadontho koyera, chinthu chomwe sindinkachidziwa. Za mphuno ndinaiwala. Ananyowetsa zala ziwiri ndi malovu, n'kutsina lawi langa.

"Osawononga kandulo," anatero. "Enawa ndi oonera. Iyi ndi yomwe timaifuna kukada."

Ananditola, n'kundimanga pansonga ya chitenje, pomwe amamangapo kiyi wa nyumba. Munali mofunda, mukununkhira utsi ndi sopo. Ndinaganiza kuti nkhani yatha bwino, ndipo ndinayamba kusunga deti lake. Ndiye mumdimamo ndinamva mawu awo, atabwerera mwakale.

"Iwe Tiyese, uwauze abambo ako akonze mphuno ya mwana wangayu. Iwo ndi amene amatha ntchito zamanja."

Tonde anatola mphuno ija n'kuyamba kuikhomerera ndi chiboda, kuti andionetse poyambira. Go, go, go. Ndinayesa kunena kuti phula sakhoma, koma pakamwa panga panali patasungunuka kale. Go, go, go.

Ndinatsegula maso kutayera. Kugogodako kunkachokera pabalaza pathu. Mayi a Tiyese anali atakwera pampando ndi hamala, akukhoma msomali. Ndinafunsa kuti ndi wa chiyani. Anati Elufe watumiza kalendala ya chaka chamawa, ndipo poti ndadzuka, ndiime chapatali ndione ngati yawongoka, popeza ine ndi amene ndili ndi diso la zinthu zotere.

Ndinaima chapatali. Inali itapendekera kumanzere, pafupifupi zala ziwiri. Ndinati ili bwino.