Moni wochokera padenga

Anthu akandifunsa za chipsera cha pachigongono changachi ndimangoti ndinagwa pa njinga. Limenelo ndi bodza. Lero ndinene zoona, poti kuno ku Champhira ngakhale mbuzi zikuidziwa nkhaniyi.

Ndine mphunzitsi wa jogalafe (mawu amenewa muwasunge, muwafuna kutsogoloku). Kwathu ndi ku Dedza, koma boma linanditumiza kuno, ndipo kuno ndi kumene ndinapeza mayi a kunyumba, NyaTembo. Bambo awo, apongozi anga, ndi munthu wansangala, koma ali ndi nyimbo imodzi yokha: mkamwini wawo wina amene ali ku Joni. Mukangokhala nawo pang'ono mumva kuti wa ku Joni watumiza bulangete, wa ku Joni watumiza njinga yamoto. Ine ndinali "aphunzitsi aja" basi. Ndisaname, zinkandiwawa. Ndinkalakalaka kuti tsiku lina nanenso anditchule pagulu.

Nyumba imene timachita lendi ilibe magetsi, ndiye ndinaganiza zoika sola. NyaTembo anati tiitane mmisiri wa ku Mzimba boma. Ine ndinati mmisiri wa chiyani, munthu ndinapita ku koleji? Ndinayamba kuonera mavidiyo pafoni, azungu akufotokoza ali m'majekete awo a chisanu. Ndipo kunena zoona, zambiri ndinakhoza. Ndinayamba ndawerengera zimene zidzadye moto: mababu, wailesi yakanema, kafiliji kakang'ono ndi kutchaja mafoni. Simbi yamagetsi ndinaikana, ngakhale NyaTembo anandipempha ndi "ndapota" wake uja. Mabatire ndinawaika pamalo popita mphepo, kutali ndi kukhitchini. Mawaya ndinagula onenepa. Kenaka panatsala funso loti mapanelo ayang'ane kuti. Azungu onse aja anagwirizana chimodzi: kumwera. Denga lathu ndi la mbali ziwiri, ina yotsetserekera kumpoto, ina kumwera. Ndinawakhoma kumwera, mtima uli m'malo.

Umo munali mu Disembala, ndipo zinayenda ngati maloto. Filiji inkazizira mpaka madzi kuuma. Anthu oyandikana nafe ankabwera ndi mafoni awo m'majumbo. Sindinachedwe kuimbira apongozi.

"Adada, mubwere mudzamwe madzi ozizira. Magetsi ndapanga ndekha."

"Mwekha, aphunzitsi? Yewo chomene! Mbwenu ndibwera tikakolola, mu Juni. Ndidzaone ndi maso anga."

Mvula itangosiya, zinthu zinayamba kubwerera m'mbuyo. Mu Epulo wailesi yakanema inkazima nkhani zisanathe. Mu Meyi inveta, kabokosi kotumiza moto wa mabatire m'nyumba, inayamba kulira ngati mwanapiye wotayika. Pofika Juni, filiji inasanduka kabati, NyaTembo ankasungamo mchere ndi machesi. Ine ndinaloza chala aliyense: wogulitsa mabatire, eni mafoni aja, mitambo, ngakhale NyaTembo amene, kuti mwina akumasita mobisa ine ndikapita kusukulu. Iye anangoti, "Ine simbi yanga ndi ya makala, adada. Mufunse azungu anuwo."

Choonadi chinandipeza m'kalasi, apongozi atatsala pang'ono kubwera. Ndinali nditanyamula mpira wa dziko uja, ndikufotokozera ana kuti mu Disembala dzuwa limapendekera kumwera, koma mu Juni limasamukira kumpoto, ndipo kwa ife a kuno nthawi yambiri ya chaka limakhala kumpotoko. Ndinamva mawu anga omwe akundimenya khofi. Azungu aja amakhala kumtunda kwa mpirawo, dzuwa kwa iwo lili kumwera. Ine ndinakopera yankho la mnzanga popanda kuona kuti funso lake ndi lina.

Loweruka, tsiku lomwe apongozi amabwera, ndinalawira kukwera padenga. Ndinkadziwa kuti matola a kwawo ku Embangweni amafika madzulo, ndiye nthawi inalipo. Ndinazula mapanelo, kuwawolotsera mbali ya kumpoto, kuwakhoma bwinobwino. Poona fumbi lomwe linali pamenepo, ndinakweza ndowa ya madzi a sopo n'kuyamba kuwatsuka, thovu likuyenderera pamalata. Pansi, mbali yomweyo, NyaTembo anali atayanika ufa woyera pamphasa (iye, nkhuku ndi galu wathu anadziwa kalekale kumene dzuwa la mu Juni limawomba, ine ndekha ndi amene ndinatsalira).

Ndipamene ndinamva njinga yamoto ikuima pabwalo. Ya ku Joni ija.

"Odi kuno! Monire mose!"

Apongozi anali atafika dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe, atavala jekete ndi chipewa. Anazungulira nyumba n'kudzaima pafupi ndi mphasa ija, akuyang'ana m'mwamba.

Tsono inu amene simunakwatire ku Mzimba, mvetsani. Kuno mkamwini sapereka moni kwa apongozi ali chiimire. Umatsika, umanyonyomala, manja pamodzi, mutu wako ukhale pansi pa wawo. Nanga ine ndinali pati? Pamwamba pa mutu wawo, miyendo tang'a, kabudula wonyowa, chinkhupule m'manja. Makwerero anali mbali ina ya nyumba. Munthu wanzeru akanati, "Pepani adada, nditsike kaye." Koma thupi linazolowera ulemu kuposa mutu. Ndinaponya chinkhupule, kuphatikiza manja, n'kunyonyomala pomwepo, pamalata a sopo.

"Yewo adada, mwayenda u..."

Mawuwo ndinakamalizira m'malere. Ndinatsetsereka chonyonyomala, manja akadali pamodzi, msomali n'kundipatsa moni wake pachigongono, kenaka phu! pakati pa mphasa. Ufa unakwera ngati utsi. Nkhuku zinabalalika, galu anathawa osacheuka, NyaTembo anatuluka akukuwa. Utsi utatsika, ndinapezeka ndili pamapazi penipeni pa apongozi, woyera kuyambira kutsitsi mpaka kuzala. Iwo jekete lawo linali litachita mawangamawanga. Ndipo poti ndinali kale pansi, ndinangomalizitsa.

"...mwayenda uli?"

Apongozi anakutumula ufa pajekete lawo. Anafunsa ngati ndathyoka. Nditati ayi, anakhala pansi n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa.

Madzulo ake filiji inayambanso kung'ung'udza, ndipo madzi ozizira anamwa ndithu, ngakhale kunja kunali chisanu choti munthu sangafune n'komwe. NyaTembo sanandilankhule mpaka nditapita ndekha kuchigayo ndi thumba lina. Koma patapita masiku, mlamu wanga anandiimbira kuchokera ku Embangweni. Akuti adada ataweruka kutchalitchi anasonkhanitsa anzawo n'kunena kuti, "Wa ku Joni moni amanditumizira pafoni. Koma mkweni wanga wa ku Champhira anachita kudumpha padenga kuti andilonjere. Ulemu chomene, mwana yura!"

Ndiye pagulu ananditchula, monga ndinkafunira, ngakhale za sola sananeneko n'liwu limodzi. Tsopano akufuna ndikawaikire mapanelo kwawo. Ndinavomera, ndipo adzayang'ana kumpoto. Iwo anangoika lamulo limodzi.

"Tsiku limenelo, a mkweni, moni tidzapatsirane pansi musanakwere. Ufa kwathu ngochepa."