Malaya Anga Onyika mu Utomoni wa Mlombwa

Pali zinthu zina zimene munthu umachita uli mnyamata zoti ukazikumbukira umadziphimba kumaso ngakhale uli wekha m'nyumba. Zanga zinayambira pa jezi, ndipo jeziyo sinali yanga n'komwe.

M'zaka za m'ma 1950 tinkamenya mpira wopanda nsapato pabwalo la sukulu kufupi ndi Nambuma, aliyense atavala malaya ake olimira. Ndiye amalume ake a Yohane, mnzanga amene tinkasewera naye kutsogolo, anam'bweretsera jezi yofiira psuu kuchokera ku Halale. Yohane mpira ankautha pang'ono chabe (ndikunena mosakondera), koma atangoivala, atsikana onse maso anali pa iye. Enawo ndinalibe nawo ntchito. Chinandiwawa n'chakuti Esinati, amene ndinkam'senzera mtolo wa nzimbe popita kumsika, nayenso anayamba kufuula kuti, “Wofiirayo! Wofiirayo!” Nsanje inandigwira mpaka chakudya osalowa.

Tili pafupi kukumana ndi anyamata a ku Kabudula, ndinalowa m'tchire ndi chikwanje. Ndinatema mlombwa n'kukinga utomoni wake wonga magazi uja m'phale, kenaka ndinanyikamo malaya anga oyera opitira kutchalitchi (mayi sanadziwe). Atauma anali gwaa ngati chikumba, mtundu wake wa chiwindi cha mbuzi, koma kwa ine chofiira chinali chofiira basi.

Tsiku la mpira kunacha bwino. Tinasewera mpaka kusinthana magoli popanda wogoletsa, Esinati osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Kenaka kumadzulo kunada bii. Mphenzi inang'anima, kugunda kwake mpaka m'mimba. Aphunzitsi a Mbewe, amene ankaimbira mpirawo, analiza wenzulo.

“Mpira waima! Nonse kuchigafa! Wovala zofiira avule msanga!”

Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti chovala chofiira chimaitana mphenzi. Yohane anavula jezi pomwepo n'kuivundikira ndi dengu la mayi wina. Koma ine mpira unali kuphazi, goli lili patsogolo, goloboyi wa ku Kabudula akuliyatsa liwiro kuthawa. Mumtima ndinati: eya, wofiira ndatsala ndekha, Esinati aone tsopano. Ndinathamanga mvula ikundimenya, n'kuumenya mpira mwamphamvu zanga zonse. Unalowa! Nditatembenuka manja ali m'mwamba, pabwalo panalibe munthu.

Mphenzi itagundanso chapafupi, chamuna chonse chinandithera. Ndinathamangira kuchigafa cha fodya kumene anthu anapanikizana, koma mayi wina wogulitsa zitumbuwa ananditchingira ndi mzimbe.

“Iwe, ima pomwepo! Ufuna utiphetse tonse eti?”

“Ndivula, amayi, ndivula!”

Ndinavuladi malayawo n'kuwataya kutali. Pomwepo panabuka chiphokoso cha kuseka. Mvula inali itasungunula utomoni uja. Chifuwa, mimba, mikono, kabudula, zonse zinali psuu.

“Avulenso khungulo!” anafuula mnyamata wina wa ku Kabudula.

Aphunzitsi a Mbewe sanaseke, koma milomo yawo inkanjenjemera. “Mwana iwe, kanjute apo poyera, kutali ndi mitengo, mvula ikutsuke kaye.”

“Koma chigoli chija mwachiona, aphunzitsi?”

“Chigoli chiti? Ndinali nditaimba kale.”

Ndinanjuta pamatope ngati chule, mano akugundana, maso ali kuchigafa. Yohane anaima chifuwa chili pamtunda, akunjenjemera (mwadala, ndimatero mpaka lero). Ndinaona ndi maso angawa Esinati akuchotsa nsalu imene anafunda n'kum'funditsa. Ine anandiyang'ana kamodzi kokha tsiku lonselo, n'kufunsa mnzake mokweza kuti, “Kodi ameneyu achita kumusenda?”

Mphenzi sinandikhudze, koma pamenepo ndinalakalaka ikanatero. Mpira sunapitirire, za mayi ndi malaya aja tisakambe, ndipo chilimwe chotsatira ndinavina nawo paukwati wa Yohane ndi Esinati, mtima uli kuwawa.

Adzukulu ndimawauza kuti wenzulo ikalira mvula ikugunda, siya mpira, thawa, moyo sugulidwa. Zoona zimenezo. Koma ndikakhala ndekha maganizo anga amakhala ena: ndikanangowiritsa malaya aja ndi mchere kuti mtundu ugwire, nsalu ija ndikanafunda ndine.