Kachitini ka a Hilario

Ku Chapananga kunalibe wosadziwa mphuno ya a Hilario. Mowa ankayamba kuumwa ndi mphuno, pakamwa pankangotsatira.

Matendawa anawatenga ku Beira, komwe ankaphikira mzungu wina wofulula mowa wake m'nyumba. Anzawo ankabwerera kumudzi ndi njinga kapena wailesi. Iwo anabwera ndi kachitini ka timaluwa touma totchedwa hopu, timene azungu amathira mumowa kuti uziwawa pang'ono ndi kununkhira.

Akazi awo, mayi Otilia, akafulula masese a mapira, a Hilario ankatsina pang'ono, n'kuwaza mumphika, n'kutsitsa mphuno atatsinzina.

"Mwalimva fungolo? Ndimu, udzu wa mvula yoyamba, kamphepo ka ku Beira. Pyadidi, zabwino zedi!"

"Ife tikumva masese," ankatero a Geresomo, mnansi wawo, chipanda chili kale m'manja.

Khadi la chipani a Hilario ankalisunga m'kachitini momwemo. Ofunsa makhadi pamsika wa Chikwawa ankayamba amva kaye ulaliki wa hopu, mpaka anatopa. Akawaona patali ankangoti, "Dutsani, madala."

Dzinja lina bambowo ali kumunda, mayi Otilia anaona kuti timaluwato tachita chinyezi. Anatiyanika palichero ngati mfutso. Potembenuka, mbuzi inali ikunyambita milomo.

Kachitini kaja n'komwe kankapatsa amuna awo ulemu pagulu. Popanda iko anali nkhalamba wamba yochoka ku Beira chimanjamanja. Anatola masamba ouma a nimu, n'kuwatikita, n'kudzazamo.

Zaka khumi ndi ziwiri ankadzaza mobisa, akuopa kugwidwa nthawi iliyonse mphuno ija ikamatsikira mumphika. Koma inkangodzuka ndi "Pyadidi!" Mapeto ake anayamba kuwamvera chisoni amuna awowo, kuti mphuno yotchukayo inali yabodza.

Atadwala mwakayakaya, a Hilario anawakodola.

"Mayi, pa mowa wa maliro anga nimuyo muchepetseko. Chaka chatha munachulutsa."

"Bambo! Kani munkadziwa?"

"Kuyambira tsiku lomwelo. Mbuzi ija inanunkhira Beira sabata yathunthu."

"Nanga osanena bwanji?"

"Mukanalira. Komanso Geresomo akanandiseka."

Masiku ano ku Chapananga palibe wochedwetsa anthu pamowa. Amangogwira chipanda n'kumwa, mowa n'kutha msanga, n'kubalalika dzuwa likadalipo. Mayi Otilia amawasowa amuna awo, sabisa. Akafulula amatsinabe pang'ono m'kachitini muja, n'kuwaza mumphika, kenako amaima kaye chivundikiro chili m'manja, kudikira woti anunkhize.