Mayi Scholastica ndi Mawu a Mbava

Mu Beaumont Leys monse, mayi wa Mvano wolankhula ngati mbava ya ku London anali mmodzi yekha, malemu Mayi Scholastica. Mawuwo anawatola kunyumba yosamalira okalamba, kwa mkulu wina wachiyuda amene paunyamata wake ankagulitsa katundu wakuba. Zaka zisanu iwo akumusambitsa, iye akuwaphunzitsa Chiyidishi cha m'misewu, chilankhulo cha Ayuda.

Mnzawo Dyna zinkamuwawa. Kwaya yonse inkadalira mawu ake, koma mapemphero akatha anthu ankaunjirira Scholastica.

"Abusa, jekete imeneyi ndi kosha?" anafunsa Scholastica tsiku lina.

"Kosha n'chiyani, amayi?"

"Kwa Ayuda ndi chakudya chololedwa. Akuba anaba ndi mawu omwe, kwa iwo ndi katundu amene apolisi sangakugwireni naye. Lisiti lili kuti?"

Abusa anaseka mpaka kuvula magalasi. Dyna anayang'ana kumbali.

Aliyense wotola mandasi asanapempherere Scholastica ankamutcha ganefu. "Kale ganefu anali wakuba, ku London anasanduka wopisa m'matumba, lero ndi mdzukulu wopulupudza amene umamukonda. Mawu amatembenuka mtima kuposa anthu ena." Apa n'kuti akumuponyera diso Dyna.

Koma chimene chinamubaya Dyna kwenikweni ndi Keturah, mwana wake yekhayo. Chibwenzi chake Arif atamuveka mphete, mtsikanayo anakaulula kwa Scholastica. Mayi womubala anamva patatha miyezi itatu.

"Mwana wanga ine, inu osandiuza?" anakalipa Dyna.

"Shtumu, amake Keturah. Ndiye kuti kusalankhula. Akuba ankalangizana choncho akagwidwa ndi apolisi."

"Ndiye wapolisi ndine?"

"Wapolisi amayamba wamvetsera. Inu ndinu wailesi."

Scholastica anatisiya mu Febuluwale. Pamaliro Keturah analira mpaka kumugwirira, ndipo Dyna, Mulungu amukhululukire, anachitira nsanje ngakhale bokosi.

Masiku ano pakhomo pa tchalitchi anthu amangopatsana moni n'kuthamangira kukakwera basi. Abusa amavala jekete iliyonse popanda wowafunsa, ndipo sikukoma.

Lamulungu lina m'basi yopita m'tauni, Keturah anakhala pambali pa mayi ake, maso ali psuu, pachala popanda mphete. Mafunso khumi anafika pakamwa pa Dyna. Anawameza onse. Basi inaima pasiteji yoyamba, yachiwiri, yachitatu, iye ali duu. Ikunyamuka pa yachinayi, mtsikanayo anatsamira paphewa lake.

"Mum, ndikuuzeni zinazake?"