Ndege ya Abambo Sinyamuka Isanadzaze

Usiku watha ndinalota ndege ya abambo ikundilankhula, ndiye musaseke ndisanamalize, chifukwa mukangoseka ndisiyira pomwepo.

Mukuidziwa ndege ija, ili kuseri kwa shedi yathu yowotcherera zitsulo. Mapiko ndi a malata, matayala a wilibala, injini ya njinga yamoto. Woyendetsa amakhala pa chishalo cha njinga, wokwera pa mpando wapulasitiki wodulidwa miyendo. Abambo aimanga zaka zisanu ndi chimodzi, akuimba mluzu, chifukwa iwo akamamanga chinthu amaimba mluzu, akamaphwasula amakhala duu. Amati idzatera kwa Sendeza kwa azakhali anga a Nasibeko, amene miyendo inawatupa, kumene minibasi zinasiya kupita msewu utakumbika. Sinaulukepo. M'kati mwake mumagona nkhuku. Ndiye Lachinayi a Lupiya ogula zitsulo zakale anaigogoda ndi chala nati lero Loweruka abwera ndi sikelo. Atapita, abambo anandifunsa kuti, "Zione, iwe wa Fomu Folo, tigulitse?" Ine ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Mukundidziwa.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka pamsika wathu dzuwa lili pamutu, koma msikawo unali m'mwamba, tomato atayalidwa pamitambo ngati pamasaka. Pachipata panali chikwangwani: MSIKA WAUFULU, ALIYENSE AULUKE KUMENE AKUFUNA. Ndipo aliyense anali ndi ndege. Amayi ogulitsa mandasi anali ndi ya mabeseni, telala anali ndi yopalasa ndi phazi limodzi, wa tchipisi ndege yake inali chiwaya, ikudontha mafuta. Oitanira anali akhwangwala ovala majekete.

"Lilongwe! Lilongwe watsala mmodzi!"

"Limbe iyi, sisitere, ya mawindo!"

Ndinamvetsera mpaka makutu kuwawa, koma panalibe woitanira kwa Sendeza.

Mwadzidzidzi ndinamva mawu kumapeto kwa mzere wa ndege, pafupi ndi dzala. "Mwana wa bwana, wandipitirira osapereka moni?"

Inali ndege yathu. Inkalankhula ndi mawu a chitseko chosadzozedwa girisi. Abambo anali atagwada pansi pa phiko lakumanzere, sipanala m'manja, akumasula mabawuti, ali duu.

"Pepani," ndinatero, ndikugwada pang'ono, poti ndege ya zaka zisanu ndi chimodzi kumaloto ndi munthu wamkulu. "Bwanji simukuuluka?"

"Sindinadzaze. Unaionapo galimoto ikunyamuka pasiteji isanadzaze?"

Ndiye ndinakwera n'kukhala pampando wapulasitiki uja, nkhuku zikundisunthira. "Mwadzaza tsopano," ndinanong'ona.

"Iyayi!" Anali bwana wina wa ziphaso zoulukira, wa taye yofiira, chidindo m'manja. Akuyandikira khosi lake linkatalika, linkatalika, taye n'kutsala pansi, mpaka anasanduka nthiwatiwa ngati ya m'buku la Sitandade Faifi. "Uyu ndi mwana wa pakhomo. Ameneyu ndi wongokhalira mpando kuti akope anthu, tikuwadziwa, galimoto ikadzaza amatsika. Sawerengedwa."

"Bwana," inatero ndege, "inuyo munaulukapo?"

"Ine ndimadinda," inayankha nthiwatiwa, n'kudinda phiko, n'kudinda nkhuku imodzi, n'kudzidinda yokha pantchafu.

Ndiye kunatulukira sikelo ya a Lupiya, yopanda a Lupiya, ikudumpha ndi ngowe yake ngati munthu wa ndodo. Inakola ndege pamphuno n'kuinyamula.

"Makilo makumi asanu ndi atatu," inalengeza. "Tichotsepo a dzimbiri. Tichotsepo a zitosi."

"Uyezenso zaka zisanu ndi chimodzi," inatero ndege ikulendewera. "Uyeze chala chimene mwiniwangayu anadzitema pa lata, ndi Masabata amene anachedwa kutchalitchi."

"Zimenezo muvi wanga sugwedezeka nazo, mayi. Si nkhanza. Ndinapangidwa choncho."

Abambo anapitiriza kumasula. Bawuti yoyamba inagwa, inaboola mtambo, n'kupita pansi. Ndinaona kuti atsala mabawuti atatu, ndipo bawuti iliyonse ikagwa abambo ankachepa. Malaya anayamba kuwakulira.

Mwadzidzidzi china chake chinandikonza kolala ya bulauzi. Ndinatembenuka, panalibe munthu. Chinandisisita pamutu, chikununkha choko, ndiye ndinakumbukira a Chikafa, aphunzitsi athu a Soshalo, amene ankati msika suyendetsedwa ndi munthu koma ndi dzanja losaoneka. Linali lomwelo, ndipo linkalankhula ndi mawu awo, mpaka kakutsokomola kaja.

"Mtsikana wa kumbuyo, pafupi ndi windo. Uli ndi funso?"

"Ayi, sala."

"Uli nalo. Zaka zinayi wakhala nalo."

Ndinaimika mkono. "Bwanji ndege zonse mukuzikankhira ku tauni?"

"Usandide," linatero Dzanja. "Masilipasi wavalawo anakubweretsera ndani? Nanga foni ya mayi ako? Tomato akachuluka amamutsitsa mtengo ndani? Ntchito ndimagwira."

"Nanga kwa Sendeza?"

"Kumeneko ndi kuti? Mwanawe, ine ndine dzanja. Maso ndilibe. Ndimapapasa kumene kuli phokoso ndi matumba olemera. Kumene kuli zii ndimayesa kulibe anthu."

Bawuti yachiwiri inagwa. Abambo anafika msinkhu wa mwana wa Sitandade Wanu, sipanala akuigwira ndi manja awiri.

"Itanira," inatero ndege.

"Ine?"

"Nanga nkhuku?"

Ndiye ndinaimirira pampando. Msika wonse unatembenuka, akhwangwala anasiya kukuwa, ngakhale tomato anatsegula maso. Ndinatsegula pakamwa ndipo mawu anatuluka ngati nyerere imodzi, inatsika pachibwano n'kulowa m'kolala.

"Akuti chiyani?" anafunsa khwangwala wina. "Sisitere, mukupemphera?"

Onse anaseka. Ndinayesanso, panatuluka njenjete, nthiwatiwa n'kuidinda.

Bawuti yachitatu inagwa. Phiko linapendekeka. Abambo tsopano anali ngati chala changa chachikulu, ataima pa bawuti yotsiriza, ndipo anandiyang'ana mmene anandiyang'anira Lachinayi, osakwiya, kungodikira. Ndiye ndinatseka maso, n'kukuwa:

"Kwa Sendeza! Kwa Sendeza iyi! Ya abambo anga, yomanga okha! Kwa Sendezaaa!"

Mitambo inang'ambika ngati chitenje chakale. Mwadzidzidzi pansi pa mabenchi, kuseri kwa matumba a makala, m'kati mwa madengu, munayamba kutuluka anthu akudzisasa fumbi. Namwino ndi bokosi la katemera. Mkulu wina atasenza chitseko. Mayi wa thumba la feteleza, mwana kumsana, mwanayo ali ndi ndevu chifukwa chodikira. Mkwati ndi mkwatibwi, keke itamera bowa.

"Bwanji simunanene?" linadabwa Dzanja.

"Timayesa tili tokha," anayankha mkulu wa chitseko.

Ndiye onse anakwera pampando umodzi uja. "Sunthani pang'ono, mayi, tonse ndi a ulendo." "Chitsekocho mupakate, achimwene." "Wandiponda ndani?" "Ndi keke." Sikelo inasiya mphuno ya ndege, inayang'ana uku ndi uku, n'kunena mwamanyazi kuti nayonso ili ndi mlongo wake kumeneko, ndipo inakhala pamiyendo pa namwino. Nthiwatiwa inati ndege yadzaza mopyola malamulo, kenako inafunsa ngati pawindo pali malo.

Abambo anali atabwerera msinkhu wawo. Analavulira m'manja, anamanga phiko ndi mabawuti amene anatulutsa kukhutu kwa mkwati, n'kukwera pachishalo. Injini inakana kulira.

"Tsikani mukankhe!" anakuwa akhwangwala.

"Khalani," linatero Dzanja. "Apa pokha ndikankha ndine. Koma mawa mudzakuwenso, ndimaiwala msanga."

Ndiye tinanyamuka, nkhuku zikuthandiza ndi mapiko awo. Ndinaona denga lathu, amayi akuyanika zovala osayang'ana kumwamba dala, koma akumwetulira. Ndinaona msewu wokumbika uja uli ngati chingwe chodyedwa ndi mbewa. Kenako kwa Sendeza, azakhali a Nasibeko atakhala pampando pakati pa bwalo, akusesa ndi tsache lalitali malo oti titere, akukuwa kuti, "Achimwene, mwachedwa zaka zisanu ndi chimodzi, madzi osamba azizira!"

Abambo anatembenuka kuti andiuze kanthu, koma nthiwatiwa inayamba kudinda phiko, ngwe, ngwe, ngwe, ndipo ndinatsegula maso.

Kunja kunali kutayera. Kukhosi kwanga kunkawawa, ndipo amayi anali pakhomo la chipinda, tsache m'manja, akundiyang'ana ngati mlendo.

"Iwe, kukuwa kotani kumeneku? Mpaka kwa aneba amva za kwa Sendeza. Bambo ako anali atayamba kale kumasula phiko, sipanala yachita kuwagwa m'manja."

Ngwe, ngwe, ngwe, kuseri kwa shedi. Ndinamvetsera. Inali sipanala yomweyo pa lata lomwelo, ndipo pamwamba pake, mopanda tchuni monga mwa masiku onse, panali mluzu.