Mapu Amene Anazula Chinangwa cha Apongozi

Mukadzapita kwa apongozi anga ku Ngauma, chonde musadzatchule mawu oti mapu. Mukasochera, ingofunsani njira ndi pakamwa. Kumeneko mawu amenewo amasinthitsa anthu nkhope, ndipo wochititsa ndine.

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ku Cuamba. Loweruka lililonse masana, ine ndi aphunzitsi anzanga atatu timakhala pakhonde panga n'kumachita masewera amene mmodzi wa ife anabwera nawo kuchokera ku Nampula. Si bawo, si makadi. Aliyense amadziyesa munthu wina: uyu msilikali wa lupanga, uyo mfiti yabwino mtima, winayo mbala. Timaponya madado, timabokosi ta madontho tija, kuti tione ngati munthu wapha chilombo kapena chilombo chamudya. Ntchito yanga ndi kupeka dziko lonselo, mapanga ake, zilombo zake, ndi chuma chobisika choti anzangawo azisaka. (Inde, tonse ndife amuna a ndevu, a ana. Mkazi wanga ananena kale zimenezo, musavutike kubwereza.)

Tsiku lina mnzanga Amade, amene amakhala mbala m'masewerawo, ananyamula mapu anga ndi zala ziwiri. "Profesolo, chuma cha makolo chingalembedwe pa pepala la m'kope la mwana? Taonani kuseriku kuli masamu."

Zinandiwawa. Ine ndikapsa mtima sindikalipa, ndimachita khama lopusa. Ndinatenga pepala la thumba la simenti, ndinaliviika mu tiyi tsiku lonse, ndinalipaka dothi lofiira, ndinawaula m'mbali mwake ndi kandulo. Phula la kanduloyo ndinalidonthezera pakona n'kudinda ndi chivundikiro cha botolo. Ndinalemba Chipwitikizi chopotolozapotoloza: miphika itatu ya golide ya Kapitawo Balitazale (dzina limene ndinalipeka ndikusamba), yokwiriridwa mapazi makumi anayi kuchokera pa mlambe, kulunjika kotulukira dzuwa, patsinde pa chulu, yolonderedwa ndi njoka ya nyanga.

Pa khama lonseli, ulesi unandigwira pamodzi pokha. M'malo mopeka dziko, ndinajambula malo amene ndimawadziwa bwino: munda wa apongozi anga a Mbwana, kufupi ndi Massangulo. Mlambe wake, mtsinje wake, mwala wong'ambika pakati, chulu, chilichonse pamalo pake.

Ndinapachika pepalalo kukhitchini kuti lilowe utsi. Amake Lusiya, mkazi wanga, anaona chipepala chakuda chikulendewera, anakulungira fodya ndi njere za tomato za bambo awo, n'kupatsira woyendetsa shapa, minibasi yodzera ku Mandimba. Ine ndinafunafuna, kenako ndinanamizira makoswe.

Patapita milungu iwiri, mlamu wanga Ernesto, amene amanyamula anthu pa njinga ku Mandimba, anandiimbira. "Alamu, bwerani msanga. Nkhani yake si ya pafoni. Musauze munthu, ngakhale achemwali."

Ndinakwera shapa ndikuganiza za maliro. Zimene ndinapeza zinali manda ndithu, koma opanda maliro. Theka la munda wa chinangwa linali maenje okhaokha. Mitengo ya chinangwa chosakhwima inali gonegone, mizu yake yoonda ngati zala. Chinangwa chimenecho n'chimene banja lonse limadalira mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ikauma.

Apongozi anali khale pa mpando pansi pa mlambe. Ine ndinanjuta chapatali, maso pansi, monga achitira mkamwini. Anatulutsa pepala m'thumba la pulasitiki, limene linali m'thumba lina la pulasitiki, n'kulitambasula ndi manja awiri.

"Aprofesolo, Mulungu watikumbukira. Pepala ili labwera ndi fodya. Mwana wanga sanadziwe chimene wanyamula. Ernesto wawerenga, koma Chipwitikizi chake n'cha pamsewu. Inu ndinu ophunzira. Tiuzeni pamene tikuphonya."

Apa mpamene munthu wanzeru akanaulula. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma Ernesto anandidula: "Taonani dzanjali, alamu! Kulemba kwa azungu akale uku. Munthu wa kuno sangajambule chonchi, olo atamusunga ku Maputo zaka khumi."

Ndikuvomera mwamanyazi: ndinamva kukoma. Chikhalire palibe amene anayamikirapo luso langa chotero. Komanso mkamwini amayamba bwanji kuuza apongozi ake, pamaso pa mwana wawo, kuti azula chakudya chawo chifukwa cha chidole? Ndinatsokomola, ndinavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga bodza langa lomwe mwaulemu.

Nzeru inandibwerera yoti ndipulumutse chinangwa chotsalacho. "Bambo, mwawerenga ndi mapazi athu. Mapazi a mzungu ndi aatali. Chumachi chili kunja kwa munda, kutchire uko."

Ernesto anabwerera pa mlambe n'kuyamba kuponya miyendo ngati akudumpha matope. Anadutsa chulu, anadutsa malire, ndipo phazi la makumi anayi linakatera pakati pa mtedza wa mayi Awetu, oyandikana nawo munda, amene anakangana kale ndi apongozi za malire omwewo kuyambira pamene onse anabwerako ku Malawi nkhondo itatha. Mayiwo anatulukira ndi khasu m'manja.

"A Mbwana, mwatha kudya munda wanu, mwayamba wanga? Ndikudziwa chimene mukufuna. Mudzi wonse ukudziwa. Ngati chili mwanga, n'changa!"

Pofika madzulo, ana a mayi Awetu anali atayamba kuzula mtedza wawo womwe kuti tisawayambirire. Minda iwiri tsopano. Ndipo m'mawa mwake Ernesto anabwera ndi munthu wina wa ku Mandimba, wa chikwama cha zithumwa, amene anafwenkha dothi n'kulengeza kuti njoka ya nyangayo akuimva ikupuma, ndipo ndi imene ikusuntha miphika. Anati imafuna mbuzi yakuda. Njoka imene ndinaipeka ine pakhonde, ndikudya mtedza wokazinga!

Apongozi anali ndi mbuzi imodzi yokha, yakuda, ya bere. Nditaona akuimasula, mphamvu zonamira zinandithera. Ndinagwada.

"Bambo, pepani. Mapuwa ndinajambula ndine. Kulibe Kapitawo, kulibe njoka. Ndi za masewera."

Kenako Ernesto anaseka mpaka kukhala pansi. "Inu? Alamu, inu amene munalephera kukhoma mpini wa khasu chaka chatha?"

"Akufuna atithamangitse adzakumbe yekha," anatero wa zithumwa uja.

Taganizani, munthu kuulula tchimo n'kukanidwa. Ndinachita kupempha tiyi, kandulo ndi thumba la simenti, n'kupanga mapu ena pamaso pa anthu onse. Nditadinda ndi chivundikiro cha botolo, wa zithumwa anali atazemba kale. Mayi Awetu anayang'ana mtedza wawo, anandiyang'ana ine, ndipo zimene ananena m'Chiyao sindinapemphe munthu kuti andimasulire.

Apongozi sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunandipweteka. Anangofunsa motsitsa mawu: "Ndiye Loweruka lililonse, amuna anayi, ophunzitsa ana a anthu, mumakhala pansi kusaka chuma chimene mwabisa nokha, pamalo pamene palibe?"

"Inde, bambo."

"Mukachipeza mumatani nacho?"

"Timalemba papepala kuti tachipeza."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva za matenda osachiritsika a mwana wa mnzake.

Tchuthi chonse ndinathera kumeneko, kukwirira maenje m'minda iwiri ndi kubzalanso chinangwa chimene sichikanakhwima nthawi ya njala isanafike. Ine amene ndinkazemba khasu la kwa apongozi ponamizira kukonza mayeso, manja anatuluka matuza mpaka kulephera kugwira choko. Chaka chimenecho ufa wa kwa apongozi ndi wa kwa mayi Awetu unkachokera m'nyumba mwanga, ndipo amake Lusiya sankaiwala kundikumbutsa pa thumba lililonse.

Tsiku lomaliza ndinatsala ndi dzenje limodzi, lalikulu lija la pa chulu. Apongozi anabwera okha, anayang'ana uku ndi uku, n'kuima pafupi nane kuposa mmene anaimirapo chikwatirire mwana wawo.

"Aprofesolo, ilo lisiyeni. Ine ndinabwerako ku Malawi ndi mphasa ndi poto mmodzi. Milungu iwiri ija ndinkadzuka ndili munthu wolemera." Anasuzumira m'dzenjemo. "Komanso dzina la mzungu lija linakufikirani bwanji m'mutu? Mwina munthu amalemba zoona asakudziwa."

Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo. Ndinawalonjeza kuti sindidzajambulanso malo a munthu wamoyo, ndipo lonjezo limenelo ndikulisunga. Koma atatembenuka kupita kunyumba, ndinayang'ana dzenjelo, ndinayang'ana mlambe, ndinawerenga mapazi ndi maso. Kenako ine mwini bodzalo, ine wogula tiyi ndi kandulo, ndinatsikiramo ndi khasu n'kukumbako pang'ono.