Mmene Ndinaphera a Mapondo ndi Nthambi za Mango

Mpaka lero ndikamadutsa njira ya ku esiteti ija, kumtunda kwa Madisi, anthu amanong'onezana kuti, "Aphunzitsi a maliro aja ndi awo." Ine ndimangoweramitsa mutu n'kupalasa njinga mwamphamvu. Ndiwayankha chiyani poti sakunama?

Chaka chimenecho ndinali nditangobwera kumene ku maphunziro a za ufulu wa anthu ku Mponela. Anatipatsa malaya olembedwa kumsana, ndipo ndinabwerako mutu utatentha. (Akazi anga akuti ngakhale mchere ukachepa m'ndiwo ndinkati ndaphwanyiridwa ufulu.)

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, ndinamva za a Mapondo, tenanti wochokera ku Phalombe. Anadzitema phazi ndi nkhwangwa podula mitengo ya chigafa cha abwana awo. Phazi linatupa mpaka kununkha. Atapempha galimoto yopita kuchipatala Lachiwiri lapitalo, abwana anati ilibe mafuta. Kenako anatuma kapitawo kukanena kuti munthu wosathyola fodya asamuke m'nyumba ya esiteti sabata isanathe. Mvula ili pakati, abale anga, munthu ali ndi ana!

Ndinapsa mtima. Ndinasonkhanitsa matenanti ochepa amene analimba mtima, tinalemba mawu pamakatoni, ndipo Loweruka mmawa tinadula ndi chikwanje changa nthambi za mango zoti tiziimba tikuzigwedeza, monga ndinkaonera zionetsero za mu Lilongwe. Titafika pafupi ndi nyumba ya a Mapondo, nzeru zinandibwerera. (Ndikanena kuti nzeru, mundikhululukire.)

"Yalani nthambi pamsewu, thirakitala ya abwana isadutse!" ndinalamula. "Zina kumtunda kwa nyumba, zina kumunsi!"

A Gelevazio, tenanti wachikulire, anandikoka malaya. "Aphunzitsi, masamba pamsewu, mbali ziwiri chonchi, anthu aona ngati…"

"A Gelevazio, mantha omwewo ndi amene akusaukitsani!" ndinawadula.

Anangoti, "Chabwino, ophunzira ndinu."

Tsono inu mukudziwa, inenso ndikudziwa kuyambira ndili mwana, kuti masamba oyalidwa pamsewu amatanthauza maliro. Koma tsiku limenelo mutu wanga unali ku Lilongwe.

Woyamba anali wakabaza. Atafika pamasamba anatsika njinga, anavula chipewa, n'kudutsa akuikankha mwakachetechete. Ine ndinasangalala. "Mwaona? Anthu ayamba kutilemekeza!" Kenako amayi ochokera kotola nkhuni anatula mitolo n'kukhala pansi pafupi ndi khonde la a Mapondo. Ndinakwera pachulu n'kuwalalikira za malamulo a ntchito. Anandiyang'ana ndi maso achifundo, wina mpaka kupukuta misozi, ine n'kumati mawu akulowa.

Dzuwa litakwera, thirakitala isanaoneke n'komwe, ndinamva nyimbo ikutsika phiri. Anali amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi, atasenza nsengwa za ufa, akuimba pang'onopang'ono nyimbo imene timaimba poperekeza bokosi. Nditacheuka, anzanga a makatoni aja anali atalowa m'fodya onse, kupatula a Gelevazio amene anakhala pachitsa manja ali m'khosi.

Ndinathamangira a Nabanda, apampando a mphakati. "Mayi, palibe maliro pano! Sanamwalire!"

Anandigwira paphewa. "Limbani mtima, aphunzitsi. Chisoni chimatero, munthu sumakhulupirira."

"Ayi mayi, ndikunena zoona!"

"Wina awapatse madzi aphunzitsiwa."

Ndisanapume, adzukulu atulukira, makasu paphewa, akufunsa ngati tikumbe kuno kapena mtembo upita ku Phalombe.

Choopsa chenicheni chinali chisanabwere. Mayi Mapondo anali atalawirira wapansi ku Madisi kukagula mankhwala opha ululu, atasiya amuna awo ali m'tulo, chitseko chotseka. Pobwera, atafika pamlatho wa kumunsi kwa nyumba, anaona masamba aja. Kulira kumene analira mayi uja sindidzakuiwala. Anataya mankhwala pamsewu, chitenje chikukhwekhwereka, akukuwa kuti, "Mwandisiya kwa eni, bambo a ana! Mwandisiya kwa eni!" Anagwera m'nyumba, amayi onse pambuyo pawo.

Kenako m'nyumbamo munamveka mawu a mwamuna, ofooka koma omveka bwino: "Kodi wamwalira ndani?"

Amayi anatuluka mopanikizana pakhomo, nsengwa kugubuduka, ufa mbuu!

Nthawi yomweyo galimoto ya abwana inafika, ija yopanda mafuta ija. Kumbuyo kunali matabwa atsopano ndi thumba la chimanga. Abwana anatsika chipewa chili m'manja, nkhope yogwa, osadziwa zimene zangochitika.

"Pepani anthuni," anatero mokweza kuti aliyense amve. "A Mapondo sanali wantchito chabe. Anali m'bale wanga weniweni."

M'bale wawo uja anatulukira pakhomo, dzanja lina pandodo, lina paphewa pa akazi awo. Abwana anabwerera chambuyo mpaka kugunda galimoto. A Mapondo anatsimphina pang'onopang'ono, n'kusisita matabwa aja.

"Matabwa abwinotu awa," anatero. "Abwana, kani galimotoyi imayendera maliro? Ndikanadziwa ndikanafa Lachiwiri lomwe lija."

Palibe anaseka. A Nabanda ndi amene anadzuka, akusansa ufa pachitenje.

"Poti yabwera kudzanyamula wakufa, inyamule wamoyo yemweyu. Si m'bale wanu kodi?"

Pamaso pa khwimbi lonselo abwana sakanakana. A Mapondo anapita kuchipatala atakhalira matabwa a bokosi lawo. Kumeneko anawauza kuti akanachedwa pang'ono phazi likanadulidwa. Za kusamuka zija sizinamvekenso, chifukwa munthu sungathamangitse m'bale amene wamulira pagulu.

Musaganize kuti ndinaomberedwa m'manja. Adzukulu anati khasu likatuluka silibwerera chabe, ndipo anandiperekeza mpaka kunyumba kukatenga mbuzi ya akazi anga. (Nkhani imeneyo pakhomo pathu sinathebe.) Koma chimene chinandipweteka ndi mawu a mayi Mapondo nditapita kukapepesa. Sanakalipe. Anangoti, "Aphunzitsi, phazi mwapulumutsa, zikomo. Koma kuchokera pamlatho kufika pakhomo pano ine ndinali wamasiye. Zimenezo simungandichotsere."

Makatoni athu aja sanawerengedwe ndi munthu ngakhale mmodzi, ndipo ulaliki wanga wa pachulu unangopita ndi mphepo. Chimene chinatulutsa galimoto ndi mbiri yoti mmphawi wafa.

Ndinalumbira kuti sindidzakhudzanso tsamba la mango. Koma mwezi watha a Mapondo anandiimitsa pamsika, akuyenda bwinobwino, n'kunditengera pambali.

"Aphunzitsi, mkazi wa a Gelevazio wadwalika, ndipo galimoto akuti ilibenso mafuta. Chikwanje chija mudakali nacho?"

Ndinawauza kuti zimenezo ndinasiya. Madzulo ake akazi anga anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuchinola, ndipo anapita kukamangirira mbuzi yotsalayo kwa amayi awo.